Wodwala Wobwereka

Ntchito yeniyeni ya a Tikuthokoza inali yosoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma palibe amene amawakumbukira ndi zimenezo. Nsapato ukawasiyira unkakaitenga itachita nkhungu. Chimene anatchuka nacho ndi pakamwa. Akuluakulu a boma akafuna munthu wamba woti ayime pamaso pa kamera n'kuyamikira, galimoto inkabwera kudzatenga iwowa. Dzinalonso linachokera komweko, poti akangoona chimkuzamawu, mawu oyamba kutuluka anali omwewo.

Zinayamba mwangozi. Tsiku lina nduna ikutsegulira msewu, mtolankhani anawaimitsa akudutsa n'kuwafunsa maganizo. Bambowa anathokoza mpaka misozi inalengeza m'maso, chonsecho phula la msewuwo linathera pomwe panathera maso a kamera. Mneneri wa ndunayo, kamunthu konenepa m'khosi koyenda ndi mafoni m'manja monse, anaona kuti apa watola chikwama.

Kuyambira pamenepo a Tikuthokoza anakhala chilichonse. Anakhalapo mlimi wothokoza mjigo umene madzi ake anabwera pa galimoto m'mawa womwewo. Anakhalapo kholo loyamikira madesiki amene anabwezedwa kumene anabwerekedwa alendo asanafike n'kunyumba komwe. Pansi pa bedi anali ndi sutikesi ya zovala za ntchito: chipewa chobooka, jekete ya kholo laulemu, ndodo ya nkhalamba. Chimene ankapeza sichinali chokwana n'kugula thumba la makala. Iwo chinkawakomera chinali dzanja la nduna, moti akapatsidwa moni ankachedwa kusamba m'manja. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo pakhonde paja ankakhala ngati mpando wawo wa msomali umodzi ndi wa ku nyumba ya malamulo.

"Lero mwadzuka muli ndani, achimwene?" ankawafunsa wometa tsitsi wa pafupi nawo. "Mlimi kapena mayi woyembekezera?"

"Iweyo seka," ankayankha motero. "Dziko lino lili ndi ufulu wolankhula. Pakamwa ndi panga."

Mawu amenewa anachita kutola. Gulu lina linasumirapo nduna ija chifukwa cholengeza mlatho umene kulibe, ndipo oweruza anati lamulo silimanga munthu chifukwa cha zimene wanena pamsonkhano, anthu adzamuweruza okha povota. Nduna inatuluka m'khoti ikuseka, ikuti ufulu wapambana. A Tikuthokoza, amene sanawerengepo ngakhale chikuto cha malamulo a dziko, analoweza chiganizocho ngati vesi.

Pabanja pawo munthu wodalirika anali mmodzi, mwana wawo wachisamba, namwino. Sukulu yake analipira ndi mayi ake pogulitsa zovala zakaunjika, ngakhale pa tsiku lolandira satifiketi amene anajambulitsa kutsogolo ndi bambo. Mtsikanayu ankagwira m'wodi ya odwala chifuwa pachipatala chachikulu, ndipo malipiro ake ndiwo ankaphunzitsa ang'ono ake ndi kudyetsa nyumba yonse. Makina othandiza kupuma m'wodimo anali atafa kalekale. Anadandaula kwa akuluakulu mpaka kutopa, anthu akumuthera m'manja akubanika. Tsiku lina mtolankhani atamufunsa, ananena zoona.

Apa m'pamene zinadziwika kuti ufulu uja uli ngati nsapato, uli ndi masaizi, ndipo ya namwino inali yothina. Anamuimitsa ntchito pomuganizira kuti wanama ndi kuipitsa mbiri ya chipatala. Anamuuza kuti adikire komiti yosungitsa mwambo, ndiyo idzaone ngati abwerere kapena achotsedwe.

Sabata yomweyo galimoto ya mneneri inaima pakhonde paja.

"Madala, tikufuna wodwala," anatero mneneri osatsika n'komwe. "Wa chifuwa. Mukhoza kutsokomola?"

A Tikuthokoza anatsokomola pomwepo, chifuwa chochokera pansi pa mchombo, mpaka wometa tsitsi anasuzumira. Wina angafune kuwakhululukira kuti mwina sankadziwa kuti ndi wodi ya mwana wawo. Ankadziwa bwino lomwe. Mneneri sankadziwa kuti namwino uja ndi mwana wawo, ndipo iwo sanamuuze, kuopa kuti mwayi ungapite kwa wina. Pajatu nduna yeniyeniyo ndiyo inali yoti idzaime pambali pa bedi.

Akazi awo anawapeza akusankha malaya m'sutikesi muja.

"Bambo a mwana, mukupita kukagona pa bedi la m'wodi ya mwana wanu? Kuti anthu azimuti wabodza?"

"Iwe sudziwa ndale. Iye analankhula zake, ine ndikalankhula zanga. Si ufulu umenewo?"

"Nanga akamuchotsa ntchito, tidzadya ufuluwo?"

"Ndikadziwana ndi nduna ndidzamupezera ina yoposa pamenepa," anatero akuyesa chipewa chaubweya.

M'wodimo anali atakolopa ndi mankhwala onunkhira, odwala enieni atawasunthira kukhonde lakuseri. A Tikuthokoza anagona pa nsalu zoyera zimene sanagonepo chibadwire. Anawaveka chophimba mphuno cholumikizidwa ku makina akufa, wina n'kuyatsa kababu kobiriwira kuti azioneka amoyo. Nduna itawagwira paphewa, anakweza mutu pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali.

"Tikuthokoza, bwana. Ndinabwera kuno nditatsala madzi amodzi. Makina awa ndiwo andibweza. Amene akunena kuti ndi owonongeka, Mulungu awakhululukire."

Kunena chilungamo, anasewera bwino. Madzulo ake anadzionera pa kanema wa m'sitolo ya zitsulo, ndipo chimene chinawadandaulitsa ndi chakuti chophimba chija chinabisa ndevu zawo.

Tsiku la komiti, mayi ndiwo anaperekeza mwana. Bambo anatsatira pambuyo n'kukakhala pa benchi panja pa chipinda, mtima uli m'mwamba. Sikuti ankaopera mwanayo ayi. Zinali zitawafika m'mutu kuti namwino akangonena kuti wodwala uja ndi bambo ake, ndipo chifuwa chawo n'cholimba ngati cha ng'ombe, mlandu watha, ntchito yake yapulumuka. Koma iwo galimoto sidzabweranso, ndipo dziko lonse lidzawaloza chala.

Chitseko chinali chosatsekedwa bwino, choncho anamva zonse. Anamva mawu awo omwe akuthokoza pa kanema. Kenako wapampando anafunsa.

"Mayi, mwamuona wodwalayu akupuma ndi makina amene inu mukuti ndi akufa. Anali m'wodi yanu. Mukumudziwa?"

A Tikuthokoza anagwira benchi ndi manja onse.

"Sindikuwadziwa," anatero namwino.

Akuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kunyumba imeneyi amene anadya nkhuyuzo ndi wamkulu. Namwino anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. A Tikuthokoza anapuma mpweya wautali, weniweni tsopano, ndipo pobwerera anauza wometa tsitsi kuti mwana wolera bwino amaoneka pa zoterezi, sangavule bambo ake pagulu. Nduna sinawakumbukirenso. Atayesa kuimbira mneneri za ntchito ya mwana, anawauza kuti bwana ali pamsonkhano, ndipo msonkhanowo sunathe mpaka lero.

Namwino anasamukira kwa azakhali ake. Panopa amasamalira nkhalamba ina yodwala m'nyumba ya anthu olemera, ndipo wamng'ono wake mmodzi anasiya sukulu. Popita kuntchito amadutsa pakhonde pomwe paja. Masiku oyamba a Tikuthokoza ankaimirira, nsapato ili m'manja, n'kuitana, "Mwana wanga!" Iye ankaima mwaulemu, manja pamodzi, monga achitira munthu kwa wachikulire aliyense wa mumsewu.

"Mwadzuka bwanji, bambo osoka nsapato?" ankatero, n'kupitiriza ulendo wake.