Telala Amene Ankadziwa Chiyambi cha Lusaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi athu ku Chawama anatiuza kuti tilembe momwe Lusaka inayambira. Buku linali limodzi kalasi yonse, ndipo ine silinandifike. Amayi ananditumiza kwa Ba Saidi, telala wokalamba wa m'mphepete mwa njanji. Bambo a telalayu anachoka ku Nyasalande wapansi kudzagwira ntchito yoyala njanjiyo.

Ndinawapeza akusoka pakhonde, fungo la mafuta a makina lili ponseponse. Anaimitsa phazi n'kundiuza kuti kale kuno kunalibe tauni. Panali pongopatukira sitima, thanki ya madzi ndi kasitolo kamalata. Dzinja likafika malo onse ankasanduka dambo, ngolo n'kumatitimira. Onyamula zitsulo za njanji ankagona m'misasa ya udzu, ndipo malungo anatenga ambiri. Kenako anatchula mayina a anzawo a bambo awo, mmodzimmodzi, akudikira kuti ndilembe.

"Lemba bwino, iwe," anatero. "Aba ndiye banayambisa Lusaka."

Ndinalemba masamba awiri mpaka dzanja kuwawa. Lolemba aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo, pepala langa litadulidwa ndi mzere wofiira.

"Ivi vinthu wavichosa kuti? Vili mu buku?"

"Ni Ba Saidi bananiuza."

"Manje telala ndiye azakusokela mayeso?"

Kalasi yonse inaseka. Amene anakopera m'buku chaka ndi dzina la kampani ya azungu anakhoza. Ine ndinapatsidwa ziro, n'kutumidwa kukatola zinyalala pabwalo dzuwa likuswa mtengo.

Poweruka ndinalunjika kwa Ba Saidi. "Mwaninamiza," ndinatero, n'kung'amba pepala lija pamaso pawo. Anayang'ana zidutswazo pansi kwa kanthawi, kenako anapondanso makina. Sanandinenere kwa amayi. Chaka chotsatira tinasamukira ku Matero, ndipo za imfa yawo ndinangomva ndi anthu.

Nditakula ndinafufuza m'mabuku. Popatukira sitima palimo, dambo lilimo. Anthu onyamula zitsulo okha ndiwo mulibe, ndipo mayina awo ndinawaiwala onse.

Chimandiwawa n'chakuti tsiku limenelo ndinali ndi anthu awiri: wina wodziwa, wina wogwira cholembera chofiira. Wa cholemberayo ndinamuopa, ndiye mkwiyo wonse ndinakautula pa nkhalamba imene inasiya ntchito yake kuti indiuze zoona.