Thumba la feteleza la bambo anga

Nditabwera ku holide yoyamba kuchokera ku koleji, anthu kwathu ku Nkope anavutika nane. Sukulu inali itandikwera m'mutu. Mayi akangothira shuga mu tiyi, ine kalasi nkuyambika pomwepo, mpaka tiyi kuzizira.

Ondimvetsera ndi mtima wonse anali bambo okha. Iwo ankagula chambo kwa asodzi nkukagulitsa ku boma, ndipo sukulu yawo inathera ku madrasa. Chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga ankachilandira ngati anena ndi ashehe.

Tsiku lina masana ndinafuna kuwadabwitsa. Kuchipinda kwawo kunali thumba limodzi la feteleza wangongole, wa yureya, lomwe ankalisamala ngati dzira podikira kuti chimanga chifike m'mawondo. Chakudya chathu cha chaka chonse chinali m'thumba limenelo. Ndinatapako pang'ono, kuthira m'kapu ya madzi, kutakasa, nkuwapatsa kuti agwire. Kapu ija inali itazizira ngati yachokera mu firiji.

"Wallahi! Mwanangu, wachita bwanji?"

Apa ndiye anandikanda poyabwa. Ndinawauza kuti mu kemisitiri muli chinthu chotchedwa entropi, muyeso wa mmene tinthu tamwazikira. M'kambulu ka feteleza tinthu timakhala tothithikana, tili pamzere, koma tikalowa m'madzi timabalalika ponseponse. Zinthu zimakonda kubalalika, moti feteleza amachita kulanda kutentha kwa madzi kuti asungunuke, nchifukwa chake kapu imazizira. Ndinatinso zikabalalika sizibwerera zokha. Bambo ankangogwedeza mutu, maso ali pa kapu. Zimene anatolapo ndi zakuti feteleza amaziziritsa madzi, basi.

Sabata yomweyo magetsi anazima, ayezi osapezeka paliponse. Bambo anali ndi chambo chodzaza bokosi, choitanitsidwa ndi eni ukwati kwa Mponda. Ine ndinali nditapita kukaona azakhali. Pobwerera ndinapeza anthu ataunjikana pakhomo, thumba lija lili pansi lopanda kanthu. Bambo anali atakhuthulira feteleza yense m'bokosi la nsomba, atathira madzi, ataitananso anzawo kuti adzaone nzeru za mwana wawo.

Madzi anaziziradi. Amuna akuluakulu ankapisamo manja nkumakuwa ngati ana. Atandiona bambo anandikodola, nkhope ikuwala.

"Bwera, uwauze za entropi zija!"

Ndinkadziwa kuti kuzizira kumeneko nkwa kanthawi chabe, ndipo dzuwa la kwathu silinyengerera munthu. Galimoto isanapezeke nkomwe, madzi anali atafunda. Eni ukwati atamva pa foni anakana, ndipo sindiwadandaula. Ndani angadyetse alendo chambo chonyikidwa mu feteleza?

Mayi sanakweze mawu. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Iwe wa ku koleji, bweza fetelezayo m'thumba."

Ndinang'ung'udza kuti mwina tiyanike madziwo padzuwa aphwe. Mayi analoza pansi. Bokosi linali long'aluka pangodya, ndipo nthawi yonseyi madzi ankadontha nkumalowa mumchenga. Ndinalakalaka nditalowera momwemo nanenso.

Chaka chimenecho chimanga chathu chinakhala chachikasu, chowonda, pamene cha anansi chinali bii. Njira yopita kumsika imadutsa m'mbali mwa munda wathu, choncho aliyense ankaona. Achinyamata anandipatsa dzina loti apulofesa, ndipo ndinayamba kuzungulira njira yakutali.

Lachisanu lina ndikudutsa pafupi ndi mzikiti, ndinamva anzawo a bambo akuwagemula za feteleza uja. Ndinaima kuseri kwa mpanda, ndikudikira kuti lero bambo anditchula.

"Sekani," anatero bambo, "koma mwana wanga sananame. Madzi anazizira ndithu. Munagwira nokha."

Ananena monyada, ngati munthu amene nkhokwe yake yadzaza. Bola akanandikalipira.