Tcheru ndi Matumba a Alamu Ake

Kuntchito ankamutcha Tcheru, chifukwa maso ake sankakhazikika malo amodzi. Digiri yoyamba anali nayo, koma ntchito ya muofesi itamukana anagwera ya ulonda pageti la sitolo yaikulu, mpaka anakwera kukhala mkulu wa alonda. Chaka china bomba linaphulika pasiteshoni ya mabasi, ndipo mnzake amene analowa naye ntchito tsiku limodzi anafera pomwepo. Wokazindikira mtembo anali Tcheru. Atabwerako sanagwetse msozi. Anangopita kuyunivesite kukalembetsa digiri yachiwiri, ya zauchigawenga ndi chitetezo.

Ankakhala m'kanyumba kakuseri kwa achemwali ake, atelala, amene anamulera mayi awo atamwalira. Maphunziro atamulowa m'magazi, pakhomopo panayamba kutentha. Galimoto ikaima pafupi ndi mpanda, iye ali pomwepo kufunsa mwini wake. Mayi akalowa ndi chikwama chofufuma, iye ati achitsegule.

"Iwe, makasitomala anga amabwera ndi nsalu, osati mabomba!" achemwali ake ankakalipa ali pamakina.

Alamu ake, mwamuna wa achemwali akewo, ankagulitsa zipangizo zaulimi, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa. Akamuona akubwera ndi mabuku ankakuwa kuti, "Bisalani, a Pulofesa a mabomba afika!" Anthu ankaseka. Tcheru ankazisunga mumtima.

Tsiku lina atabwera kusukulu anapeza galaja yadzaza matumba a feteleza mpaka kudenga, pambali pake migolo ya dizilo. Obweretsa anali amuna achilendo, pagalimoto yopanda nambala kumbuyo. M'kalasi anali ataphunzira kuti ziwirizi zimapanga bomba zikagwera m'manja olakwika.

"Alamu, katunduyu ndi wa ndani?"

"Wa agogo ako," anayankha alamuwo osatembenuka n'komwe. "Pakhomo panga ndizifunsidwa ndi mlonda wa pageti?"

Anafunsanso m'mawa mwake, anamutukwana. Ndiye anaimbira foni mnzake wa m'kalasi amene anali wapolisi.

Apolisi anafika dzuwa lili paliwombo, mfuti m'manja, n'kutseka msewu wonse. Anawagoneka alamuwo chafufumimba pafumbi, makasitomala a achemwali ake akuonerera pawindo, tepi yoyezera ili m'khosi mwa achemwaliwo. Atawasunga m'chitolokosi kwa masiku angapo, zinadziwika kuti katunduyo anali wa kalabu ya alimi imene inasowa posungira. Anawamasula, koma dzina linali litada kale. Kusitolo kwawo anthu anasiya kulowa, ndipo ana awo kusukulu ankatchedwa ana a chigawenga.

Wapolisi wina ndiye anaulula amene anaimba foni. Achemwali aja anamupeza Tcheru akusita malaya.

"Ndi iwe?"

"Ndine, achemwali."

"Iwe amene ndinakubereka kumsana, ndikukupukuta mamina? Sukanabwera kwa ine kaye?"

"Alamu ndinawafunsa kawiri, anandinyoza. Nanga kukanafa anthu ine nditakhala chete, mukanati chiyani?"

"Wafa ndani? Wapha ife! Amati chibale ndi fupa, koma lako ndaponyera agalu. Choka."

Anamutayira zovala ndi mabuku kunja kwa mpanda. Oyandikana nawo anaima m'makonde, manja m'chiuno, ndipo palibe anamuthandiza kutola ngakhale nsapato. Mayi wina analavula malovu pansi iye akudutsa.

Digiri ija anaimaliza, n'kukhoza bwino kwambiri. Tsiku lovala mkanjo, mipando ya abale ake inakhala yopanda munthu. Lero amaphunzitsa alonda a m'mahotela kuzindikira chikwama chokayikitsa, ndipo mabwana amamulemekeza. Amakhala yekha m'chipinda cha m'mwamba, mbali ina ya mzinda.

Anakumananso ndi achemwali ake pamaliro a amalume awo. Iwo ankazungulira ndi beseni kusambitsa anthu m'manja. Atafika pa iye anamudumpha, n'kuthirira wotsatira. Alamu ake, ataonda ngati anadwala chaka chonse, ananyamuka pabenchi n'kukakhala padzuwa.

Msuweni wina anamukokera pambali. "Ingopepesani, achimwene. Mawu awiri okha."

Tcheru anayang'ana achemwali ake, amene anali atamufulatira, akukhuthula madzi akuda m'ngalande.

"Nditapezanso matumba aja lero," anatero, "ndingaimbenso."

Ananyamuka maliro asanatuluke m'nyumba, ndipo palibe anamuperekeza.