Tsiku Limene Tinawathowa Achimwene

Kwathu, pakati pa Nathenje ndi Mitundu, madzi timadziwa a pachitsime ndi a m'dambo basi. Ndiye achimwene atapeza ntchito kunyanja, yomira pansi n'kumagwira tinsomba tamawangamawanga toti azungu azikaweta kwawo, tinawaseka. Mwana wa mlimi wa fodya, kusambira anakuphunzira kuti? Iwo ankati n'zosavuta: umaluma paipi, mnzako m'boti n'kumakupopera mpweya ndi injini.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri chija, achimwene anangotulukira masana ena. Anatsika minibasi pa Nathenje, munthu wina n'kuwakweza panjinga mpaka pakhomo. Anati dzulo lake injini inazima ali pansi penipeni, ndiye anathamangira pamwamba. Anzawo anawachenjeza kuti ukavuuka mothamanga, mpweya umachita thovu m'magazi, mwina n'kukatseka mumsana. Iwo ankangoseka, amvekere ndi nyerere chabe zikuyenda m'miyendo, zitha.

Sizinathe. Kutacha analephera kudzuka pamkeka, mkodzonso osatuluka. Ine mantha anandigwira, koma mayi anati n'kutopa. Kwa mayi athu matenda alionse mankhwala ake kunali kuthowa, kaya dzino kaya msana. Njala yomwe akanatha kuithowa. Anandituma kuwiritsa madzi, bambo n'kupita kukabwereka ngolo yopitira kuchipatala ku Mitundu.

Achimwene anagona chafufumimba, nkhope italoza kukhoma. Mayi anaviika chitenje m'madzi aja, n'kuchifinya uku akuuzira zala zawo, n'kuchikanikiza pakatumba. Ndinadikira kukuwa, pajatu achimwene ngakhale phala lofunda ankalidandaula kuti lawaotcha. Koma zii. Ankangondisimbira za kansomba kena kabuluu kamene kanawapulumuka. Mayi anaviikanso, n'kukanikiza mwendo winawo, kenaka kubwereranso woyamba uja.

Nditayang'anitsitsa ndinaona matuza akutukuka monse munadutsa nsalu. Ndinagwira mayi padzanja. Anayang'ana matuzawo, n'kundiyang'ana ine, chitenje chikudontha m'manja. Sindinaopepo chonchija chibadwire. M'mtima ndinkangopempha kuti munthuyu akuwe, ngakhale atitukwane.

Achimwene anatembenuza mutu pang'ono.

"Amayi, madziwotu azizira," anatero. "Muyamba nthawi yanji?"