Tsiku Limene Merle Anachita Chifundo

Merle Gunderson anayendetsa basi ya ana asukulu m'katauni kozizira ka ku Wisconsin mpaka kupuma pa ntchito, koma ukamufunsa ntchito yake ankati, "Ndimapha anthu Lamlungu." Sankanama kwenikweni. Akaweruka kutchalitchi, anzake ankatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yake kukasewera, aliyense ndi munthu wake wa m'nthano: wina msilikali, wina wakuba, wina mfiti. Merle ankasimba za mapanga ndi zilombo, n'kumaponya dayisi, kachibulumwa ka manambala kochitira maere, kuseri kwa katoni woimika patsogolo pake kuti anzake asaone. Dayisi ikagwa moipa, munthu wako wafa, basi. Ulire, utukwane, Merle ankangotafuna tchizi chake.

Anayamba ali anyamata, mipando yosakwanira. Kenaka kunabwera malamulo atsopano, oti munthu wa m'nthano samafa pokhapokha mwini wake atalola. Corinne, mwana wa mlongo wake, ankayendetsa masewero amenewo kusitolo ya m'tauni, ndipo anthu anayamba kuzembera kumeneko mmodzimmodzi.

"Amalume," ankatero Corinne, "munthu watopa sabata yonse, ndiye abwere kwanu kudzaikidwa m'manda?"

"Nkhondo yopanda maliro ndi nkhondo imeneyo? Ndi masanje, iwe."

"Kumasanjeko mipando yadzaza. Kwanu kwatsala ndani?"

Kunali kutatsala Orville yekha, wokonza mathirakitala, mnzake wa kuubwana. Msilikali wake, Brannoc, anapulumuka zaka zonsezi, osati mwa chifundo ayi, koma chifukwa Orville anali wochenjera: khomo lililonse, mlatho uliwonse, ankayamba waugogoda ndi ndodo. Merle ankadziwa kuti Orville akadzasiya kubwera ndiye kuti zatha. Ungasimbire mipando nthano?

Chaka chimenecho Lorna, mkazi wa Orville, anamukokera Merle pambali kutchalitchi. Orville ali ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafalikira. "Koma musaonetse kuti mukudziwa, chonde. Ati asamve munthu."

Masana ake Orville anatsika masitepe akupumira m'mwamba. Nthano inamufikitsa Brannoc pa mlatho wa zingwe, ndipo Orville, kaya n'kutopa, anaiwala ndodo ija.

"Ndikuwoloka," anatero.

Merle anaponya. Dayisi inagwa pa wani, nambala yoipitsitsa. Ndiye kuti chingwe chaduka, msilikali wapita kuphompho.

Anayang'ana dayisi, n'kuyang'ana manja a mnzake, atawonda ngati timitengo. Mtima unamupweteka koopsa. Mayo ine, munthu woumira mtima uja anagwidwa ndi chisoni pa tsiku lolakwika.

"Chingwe chaduka," anatero, "koma wagwira thabwa. Wakwera."

Orville anayang'anitsitsa katoni uja. Kenaka anati, "Chotsa katoniyo."

"Malamulo salola, aise."

"Iwe Merle, unapha mfiti ya mkazi wako pa tsiku lake lobadwa, iye akulira. Lero ukuti wagwira thabwa?"

"Mwayi, mdala."

"Wakuuza ndani? Ndi Lorna, eti?"

Merle anayang'ana kumbali.

"Kunyumba akundiyankhula monong'ona," anatero Orville. "Kuchipatala akungondimwetulira. Pano pokha ndi pamene ndinali ndisanadwale." Anavala jekete lake pang'onopang'ono. "Ukanangomupha."

Anakwera masitepe akupumula pa sitepe iliyonse. Merle anafuna kumugwira mkono, koma anaopa kuwonjezera mlandu. Anangoima pansipo mpaka chitseko chinatsekeka.

Sabata imeneyo sanadye zomveka. Lamlungu litakwana anayala tebulo monga mwa masiku onse, kudula tchizi, kutereka khofi. Khofi anazizira. Ndiye anaimba foni.

"Orville, inagwa pa wani. Brannoc wafa, wapitiratu. Bwera udzapange wina, ndimupha bwinobwino."

Kunamveka chifuwa, nthawi yaitali.

"Tsopano ndikhulupirire ziti?" anatero Orville, n'kudula foni.