Kuseri kwa Khutu

Mayi a m'kashopu ka mafuta odzola ali ndi khalidwe lotopetsa anthu achangu. Botolo amaliwerenga kumbuyo, pa timalemba ting'onoting'ono. "Kutsogoloku n'chithunzi chabe," amatero, "zomwe zili m'katimu azilemba kuno." Ndipo sagulitsa mothamanga. Amayamba akupaka kadontho kuseri kwa khutu, n'kukuuza kuti ubwere mawa.

Tsiku lina mwana wa mchemwali wawo, ukwati wake utayandikira, anafuna mafuta a asidi othetsa ziphuphu. Anachonderera mpaka kukwiya.

"Amayi aang'ono, ngakhale ine?"

"Makamaka iweyo. Tembenuka."

M'mawa mwake mtsikanayo anafika akudzikanda, kuseri kwa khutu kutatupa. Mayiwo anayang'anitsitsa, n'kumutsitsira mafuta ena osawawa.

"Khutu tibisa ndi tsitsi, mwanangu. Nanga nkhope tikanaibisa ndi chiyani?"