Paipi ya pamwamba pa mpanda

A Jose Fombe, pulambala wa pa boma la Mwanza, anamanga mpanda wa njerwa chaka chimene akuba anawabera mbuzi. Unali wautali, wa mabotolo osweka pamwamba, monga amamangira opeza bwino a masiku ano, anthu oona moni ngati msonkho.

Mpandawo unatsekera mayi awo, a Leonor, amene anafika kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambique atabereka Joseyo kumsana. Sitiroko itawapha miyendo, chimene chinawatsalira ndi zenera loyang'ana msewu wa kumalire. Amayi opita kumsika ndi manachesi ankaima pamenepo kuwalonjera ndi kuwauza amene wamwalira ku Zobue. Tsopano zenera lija linkayang'ana njerwa.

Mayiwo sanadandaule. Anangoyamba kusiya chakudya, n'kumagona atatembenukira kukhoma. Akanakalipa, bwenzi a Jose atapeza choyankha.

Poti mtima unkawadya, a Jose anakumbuka perisikopu, chida chimene anaphunzira kusekondale, chomwe a m'sitima zoyenda pansi pa madzi amaonera zapamwamba. Anatenga paipi yapulasitiki, naika galasi lopendekeka kumwamba, lina kumunsi, oyang'anana. Mutu wa paipiyo unasuzumira pamwamba pa mpanda, kunsi kwake kunafika pazenera.

A Leonor anayang'anamo nthawi yaitali.

"Awo ndi a Liness, asenza dengu," anatero. Anaitana, koma mawu awo anathera panjerwa. A Liness anadutsa osacheuka.

"Kodi iwowo akundiona?"

"Ayi, mayi. Chimenechi anachipanga kuti inu muziona, koma osaonedwa."

"Ndiye n'cha asilikali. Kuthengo kuja tinkatero, kusuzumira anthu tili m'dzenje. Nanga pano ndikubisalira yani, mwanangu?"



M'mawa mwake a Jose anatenga hamala ndi tchizulo.

"Akuba aja mwawaiwala, bambo a Tiyese?" anafunsa akazi awo.

"Sindinawaiwale."

Anagumula njerwa moyang'anizana ndi zenera mpaka panatseguka poti munthu n'kulowetsa mutu ndi mapewa. Fumbi lisanathe, a Liness anaima ndi dengu lawo, nasuzumira.

"Agogo, muli moyo? Ife timayesa anakubwezani ku Tete osatitsanzika."

A Leonor anaseka. A Jose anawerama, nayamba kutola zidutswa za njerwa, kuopa kukumana maso ndi a Liness.